Galimoto ya Alufandika

Alufandika, mlonda wa ku Isando, anafika kwa mlongo wake Maggie ku Tsakane akumwetulira yekha. Kalata imene anatenga sabata yatha inati wawina galimoto, iye yekha m'Joni monse, angotumiza kaye marandi mazana awiri.

Maggie ndiye ankasunga kiyi wa bokosi la kupositi limene Amalawi asanu ankalandirirapo makalata. Anaiwerenga, kenaka anatulutsa ena anayi ofanana nayo ndendende.

"Achimwene, mpikisanowu munalowa liti? Onani, iyi ndi ya malemu a Edgar, tinawaika chaka chatha. Nawonso akuti awina."

Alufandika anapinda kalata yake pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Koma amayi ndawalembera kale," anatero motsitsa mawu. "Ndinati alambule msewu mpaka pakhomo."