Mapazi a Ruth

Dorica anaona kuti mapazi a mwana wake atupa Lolemba m'mawa, akumusambitsa kuseri kwa nyumba. Anadina ndi chala pamwamba pa phazi, ndipo atachotsa chalacho kadzenje kanatsala pomwepo, ngati wadina mbatata yophika. Ruth, kamtsikana ka chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, sanalire n'komwe. Anangowayang'ana amayi akewo ndi maso otopa.

Mayi wina akanathamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Koma Dorica anali mtengwa m'mudzi wa mwamuna wake, kumapiri a kumtunda kwa Lisungwi, ndipo mwamunayo, Binwell, anali ku Joni chaka chachiwiri tsopano. Kumeneko mwana akatupa mapazi ndi nkhope anthu safunsa zambiri, amangoti ndi tsempho: kholo lagona ndi munthu wapadera, kenako n'kudzagwira mwana kapena kuthira mchere m'ndiwo zake. Nanga bambo ali kutali chonchi, chala akaloza ndani? Dorica anamuveka mwanayo masokosi, n'kumubereka, nsalu n'kuikokera mpaka kuphimba mapazi.

Lachinayi linali tsiku la sikelo, pamene alangizi a zaumoyo amavula ana n'kuwayeza pansi pa mtengo wa mango, amayi onse akuona. Dorica anati mutu ukumupweteka. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo kwenikweni n'kutuluka nyimbo yotsiriza isanathe.

Musafulumire kumunena. Anthu a m'mudzi umenewo ndimawadziwa bwino: kupemphera amatha, pamaliro amathandiza, koma akayamba kumudya munthu miseche sasiya ngakhale fupa. Mkazi wina anachoka pamudzipo ndi kachikwama kokha chifukwa cha nkhani ngati yomweyi, ndipo Dorica yemweyo anaseka nawo pa mjigo. Tsopano ankaopa kwambiri.

Chodabwitsa n'chakuti zomwe mwana ankadya Dorica ankazidziwa. Chimanga cha chaka chatha chinapserera ndi ng'amba. Bere linauma Dorica atadwala malungo mu Novembala. Kuyambira pamenepo Ruth ankangomwa phala lamadzimadzi, lopanda nsinjiro, lopanda kalikonse. Koma mantha akamugwira munthu, nzeru zimathawa. Masiku ena ankafika podzifunsa ngati sanakhudzane ndi mwamuna wina m'minibasi mosadziwa.

Sabata yachitatu nkhope inatupa, tsitsi n'kusanduka lofiirira. Nkhope siivekedwa sokosi. Apongozi a Dorica, aNangozo, anamupeza akupeta pakhonde.

"Amake Ruth, tamutsitsani mwanayo ndimuone."

Anamuvula masokosi okha, n'kudina phazi. Sanali mayi woipa, mdzukulu wawoyo ankamukonda, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo.

"Ili ndi tsempho," anatero. "Mankhwala ake alipo, koma sagwira mwiniwake asanaulule. Ndi ndani?"

"Amayi, palibe."

"Mwana akufa uyu, inu mukuteteza mwamuna wa eni? Ndipo kuchipatala musayerekeze. Mwana wa tsempho akangomubaya jakisoni, basi mwamupha."

Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. M'mawa mwake Dorica atafika pa mjigo, amayi amene ankaseka anayang'ana kumbali. Wina anasuntha ndowa yake kuti isagundane ndi ya Dorica. Iye anapopa madzi mutu uli pansi, akudikira kuti mwina agwa ndi manyazi. Sanagwe. Ndowa inadzaza monga mwa masiku onse, ndipo mwana kumsana ankapuma movutikira.

Apa m'pamene maganizo anamubwerera, maganizo osavuta omwe akanatha kubwera Lolemba lija. Anthu onsewa akungoganizira, wodziwa zoona ndi mmodzi yekha, ndine. Sindinagone ndi munthu. Ngati sindinagone ndi munthu, ili si tsempho. Ngati si tsempho, ndi matenda, ndipo matenda amapita nawo kuchipatala. Anasiya ndowa yodzaza pomwepo, n'kutsetsereka kumsewu kukakwera njinga yamoto, osatsanzika aliyense.

Kuchipatala cha ku Lisungwi anamulandira namwino wina wochokera ku Mzimba, dzina lake Bester. Anadina mapazi onse awiri, n'kuyeza kunenepa kwa mkono ndi kalamba koyezera.

"Zinayamba liti, mayi?"

Dorica anatsala pang'ono kunena kuti dzana. Lilime linali litazolowera kale kubisa.

"Masabata atatu apitawo."

Bester sanakalipe, ndipo kusakalipako kunamupweteka Dorica kuposa kutukwanidwa.

"Thupi lake likusowa zakudya, n'chifukwa chake latupa. Ana otere timawachiza ambiri, akabwera msanga. Uyu wafooka kwambiri, koma tiyesetsa."

Anayesetsadi. Anamupatsa mkaka kudzera m'kapaipi ka m'mphuno, pang'onopang'ono, maola atatu alionse. Tsiku lachiwiri Ruth anagwira chala cha amayi ake, Dorica n'kuyamba kuyembekezera. Pa bedi loyandikana panali mwana wina amene anabwera wotupa chimodzimodzi, koma amayi ake anathamanga naye sabata yoyamba. Ameneyo anali atayamba kunyambita chiponde ndi kulimbirana supuni. Ruth anamwalira tsiku lachinayi masana, dzuwa likuswa mtengo.

Pamaliro anthu anabwera ambiri, anaimba mokoma, ndipo kuseri kwa nyimbozo ankanong'onezana kuti jakisoni wamaliza zomwe chigololo chinayamba. Dorica ankamva zonse. Anadabwa kuona kuti sizikumulasanso. Mumtima munali chisoni chokhachokha, malo a mantha munalibe.

Tsiku lometa, abale atasonkhana, ankhoswe a mbali zonse anakhala pamphasa. Binwell sanathe kubwera, choncho anaimba foni, aNangozo n'kuiika pakati kuti onse amve. Mawu ake anali osasa ndi kulira.

"Dorica, mwana wapita. Ndingofuna dzina la munthu amene wandiphera mwana. Ukanena, mwina ndikhululuka."

Ankhoswe a kwawo kwa Dorica, amalume ake, anamunong'oneza kuti angotchula aliyense wa kutali, ngakhale wogulitsa kaunjika wa ku Zalewa, banja lipulumuke. Amayi amene anali pakhonde anasendera pafupi.

Dorica anagwada monga mwa ulemu, koma mutu sanaweramitse.

"Choulula ndili nacho," anatero. "Mwamuna wina sindikumudziwa, ndipo sindibwerezanso mawu amenewa, mukhulupirire kapena ayi. Ruth anatupa ndi njala. Ndinaona tsiku loyamba, ndinamuphimba ndi nsalu masabata atatu chifukwa ndimaopa zomwe muzinena. Anamwino akuti akanachira ndikanapita naye msanga."

"Tikufuna dzina, amake Ruth," anatero aNangozo motsitsa mawu.

"Dzina ndi langa, amayi. Ndinasankha kuti inu musandiseke, mwana wanga n'kufa."

Mufoni munkangomveka galimoto zikudutsa ku Joni. Dorica anavula mpango, n'kusendera kwa mayi amene anagwira lezala kuti amumete.