Thanki Nayo Imapuma

Mlongo wanga Hector amakonda zinthu ziwiri pa dziko lino: Rozaria ndi injini ya boti lake. Musandifunse chimene chili patsogolo, mungandiyambanitse ndi alamu anga. Injiniyo ndi yaing'ono, yoti munthu mmodzi amanyamula paphewa, koma amaisamala ngati khanda. Akachoka pa nyanja ya Chilwa amaitsuka ndi madzi a pa mjigo, amaipukuta, kenako amaifunditsa chitenje. Chitenje chake changa, mwamva!

Tsono Rozaria kwawo ndi kutsidya kwa dambo lalikulu lolowera m'nyanja, ndipo mvula ikagwa njira ya pamtunda imafa. Mwini mbumba wake, a Tobias, amakhala kuno kwa Mkhumba. Popanda mawu awo ukwati panalibe. Tsiku loti mabanja akumane litakwana, amalume athu anali atawoloka kale dzulo lake, ndipo Hector ndiye anayenera kuwolotsa a Tobias. Ine ndinapita nawo ngati wonyamula tambala.

A Tobias sankamufuna Hector. Ankanena poyera kuti anyamata a ku nyanja ndi a chibwana, lero ali pano mawa ali ku Mozambique.

"Munthu ndimamuonera pa katundu wake," anatero tikumwa tiyi pakhonde pawo m'mawa umenewo. "Wolephera kusamala chitsulo, mwana wa mwini angamuthe?"

Hector anangoti, "Zoona, malume," maso ali pansi. Shuga anathera m'makapu mwathu, mpaka akazi awo anachita kukutumula pepala. Kunja njinga ya Hector inali itatsamira mtengo wa mango, itamangidwa thanki yofiira ya petulo amene anagula ku Chiringa, atasakaniza kale ndi oyilo. A Tobias anatuluka kukaika jekete lawo la ku tchalitchi pamwamba pa thankiyo, akudandaula kuti linganunkhe petulo, nakhalitsako pang'ono. Ine ndinkati akulimbitsa zingwe.

Titafika pa doko Hector anamangirira injini, analumikiza paipi, anamasula kachitsulo ka popumira pamwamba pa chitsekero cha thanki, nafinya kampira kopopera mafuta mpaka kanalimba. Atakoka chingwe kamodzi kokha injini inalira. Ndinamuona akuba diso kuyang'ana a Tobias, kufuna kutamidwa. Mkuluyo anali kalikiliki kupinda jekete pamwendo.

Tinayenda bwinobwino, mphepo ikutiomba kumaso, tambala akuphethira m'dengu. Tili pakati penipeni, doko lathu litabisika kuseri kwa bango, injini inatsokomola, inakoka mpweya ngati munthu wa chifuwa, nkuti zii.

"Tafika?" anafunsa a Tobias. Ha, mkulu uja ali ndi pakamwa!

"Pang'ono pokha, malume."

Hector anagwira kampira kaja. Kanali kataphwa ngati bere la mbuzi yokamidwa. Anakafinya, anakoka chingwe, injini inadzuka, tinasuntha mwina kuchokera pano kufika pa mjigo apo, inazimanso.

"Petulo wa m'zigubu," ndinanong'oneza ine. "Akuthirira madzi anthu aja."

Hector anatsitsira petulo pang'ono m'botolo loyera naliyang'ana padzuwa. Madzi akakhalamo amakhala pansi pawokha, koma munalibe ngakhale dontho. Anatsegula chivindikiro cha injini, anachotsa sefa, anaipemerera. Yoyera. Anamasula pulagi ndi sipanala, anaipeza youma, yopanda mwaye. Anati moto ulipo, koma mafuta ndiwo sakufika. Anatsatira paipi yonse ndi zala kufuna pamene yapindika kapena yang'ambika, osapezapo kanthu. Thukuta linali litanyowetsa malaya ake oyera amene ndinasita ndekha.

Dzuwa linakwera. Asodzi awiri anatidutsa pa bwato akukankha ndi nsungwi, mmodzi nkufuula, "Tikukokeni, abwana a injini?" Ine mtima unandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti kutsidyako anthu ayala kale mphasa, ndipo Rozaria akungosuzumira kunjira.

"Mukatifikitsa, mundibwereke nsungwi pobwerera," anatero a Tobias. "Nkhani ija tidzakamba chaka china, mukadzaphunzira ntchito."

Hector anasiya sipanala. Anakhala pansi, manja ali pa mawondo, maso ali pa thanki. Kenako ndinaona nkhope yake ikusintha. Thanki ija inali itaphwa m'mbali, nthiti zitalowa m'kati ngati galu wa njala.

"Iyi ikubanika," anatero. "Komatu popumira ndinatsegula ndekha."

Anapotokola chitsekero chonse. Thanki inati fyuuu, nkufufumanso pamaso pathu. Pakamwa pake panali pepala la pulasitiki lopindidwa bwinobwino, monga timachitira tonse kuno tikamanyamula chigubu cha thobwa pa njinga kuti chisadonthe. Linali pepala la shuga, long'ambidwa pakona, lomwe lija linakutumulidwa m'tiyi wathu.

Ndinayang'ana a Tobias. Iwo anayang'ana jekete lawo, lija ankaopa kuti linganunkhe petulo. Eee, mawu anandidzadza m'kamwa! Ndinali nditakonza kale oyamba ndi otsiriza, ndipo sindine munthu womeza mawu. Nditangoti, "Kodi pepala ili si lija…" Hector anandiponda chala cha kuphazi mpaka ndinaona nyenyezi masana.

"Aliness, gwira tambala," anatero. Analipinda pepala lija naliika m'thumba la malaya. "Pepani malume, ndakuchedwetsani. Ndinayenera kuyamba ndayang'ana thanki tisananyamuke. Mafuta akamatuluka, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake. Popanda mpweya injini imayamwa mpaka kutopa."

Anatseka, anafinya kampira, anakoka chingwe. Injini inalira mokoma, ndipo asodzi aja tinawapitirira ine ndikuwabayibitsa ndi manja onse awiri. A Tobias anangofungatira jekete lawo mpaka kutsidya. Ine ndinali nditafufuma ndi mkwiyo, chala chikundiwawa.

Tinapeza anthu atatopa nako kudikira. Amalume athu anali atayamba kale kupepesa, ndipo mayi ake a Rozaria anafunsa mosabisa kuti, "Ndiye injini yotchuka ija ndi imeneyi?" Hector anangoweramitsa mutu. Ndinati basi, zathera pompa.

A Tobias anavala jekete lawo, anakhala pa mpando, anatsokomola.

"Tachedwa chifukwa cha munthu wina wamkulu amene anatseka thanki ya injini ngati chigubu cha thobwa," anatero. "Dzina lake sinditchula, ali ndi imvi."

Anthu anayang'anizana, kenako anafa nacho chiseko, chifukwa wa imvi m'boti muja anali mmodzi yekha.

"Mnyamata uyu anandigwira ndi umboni m'manja, ine nditamunyoza njira yonse. Anauika m'thumba. Mphwanga Rozaria amapsereza ndiwo, tonse tikudziwa. Ndikufuna apite kwa mwamuna amene sakalengeza pa msika." Anatambasula dzanja. "Mkamwini, bweretsani pepala langa."

Mawu akuti mkamwini atamveka, nthungululu zinabuka kuseri kwa nyumba. Hector anagwada napereka pepala lija ndi manja awiri. Ine ndinalira, sindibisa, ngakhale theka la misoziyo inali ya chala.

Pobwerera a Tobias anakhala pafupi ndi thanki, ndipo tisanachoke pa doko anawerama kuitchera khutu.

"Ikupuma, mkamwini," anatero. "Kokani chingwe."