Mpweya mu Radiyeta ya Apongozi

Galimoto imene imagona pabwalo pathu si yanga. Ndi ya apongozi anga aakazi, anawasiyira malemu amuna awo. Iwo satha kuyendetsa, ndiye ine ndimaisunga, ndipo mwezi uliwonse ndimawatengera kuchipatala kukayezetsa shuga. Ndi yakale zedi, chitseko chakumbuyo chimatsegulidwira kunja kokha. Koma apongozi asanakwere amayamba aisisita pa boneti ngati akupereka moni kwa munthu.

Loweruka lina m'mawa ndinatsegula chotsekera cha radiyeta n'kupeza madzi ake atafiira ngati a m'chithaphwi. Ine ndine telala, za injini ndimangoonera kwa ena, koma ndinati zimenezi zokha sizingandikanike. Ndinakagula mabotolo awiri a kulanti, madzi obiriwira aja oziziritsa injini. Injini isanatenthe ndinayala katoni, kugona chagada, kuika beseni pansi, n'kumasula kabawuti ka pansi pa radiyeta. Madzi anatuluka ndi dzimbiri lake, ena kunditsikira m'khwapa. Ndinatsukuluza kawiri mpaka anayamba kutuluka oyera. Akalewo ndinawatsekera m'chigubu chifukwa galu wathu amanyambita chilichonse.

Nditamanga kabawuti kaja ndinayamba kuthira. Radiyeta inadzaza msanga, botolo lachiwiri lili theka. Sindinaganize zambiri. Ndinatseka, kusamba m'manja, n'kuiliza kuti ndikazungulire kumagolosale.

Sindinafike n'komwe. Kamuvi koonetsa kutentha kanayamba kukwera ndikukaona, mpaka kanakagunda pofiira. Ndinazimitsa pomwepo m'mbali mwa msewu. Ndinadikira nthawi yaitali, kenako ndinabwerera pang'onopang'ono, kuliza ndi kuzimitsa, mpaka pageti.

Aneba athu, amene amayendetsa minibasi, anasuzumira pampanda. Nditawafotokozera anapukusa mutu, akuti ndawotcha gasiketi ya mkati mwa injini, ndipo galimoto za mtundu umenewu zipangizo zake zinasowa kalekale. Anawonjezera kuti telala azisoka mabatani. Ndinaseka nawo. Lolemba linali tsiku la apongozi kuchipatala. Ndinakhala pa njerwa n'kumaganiza kuti ndikayamba ndi mawu ati powauza kuti chinthu chimodzi chimene amuna awo anawasiyira ndachipha ine mkamwini, popanda wondituma.

Akazi anga anatuluka kuseri komwe amachapa, thovu lili m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana botolo latheka lija.

"Inu, mwaigeyetsa koma?"

Ndinati sindikumva.

"Bambo ankati galimoto iyi ndi khanda. Ikamwa, uigeyetse. Mwangoimwetsa n'kuigoneka?"

Anandiuza kuti ali mtsikana banja lonse linkachedwa kutchalitchi chifukwa cha zomwezi. Bambo awo akasintha madzi ankaimika galimotoyo pachitunda, mphuno m'mwamba, n'kuima pamenepo atavala kale jekete, kudikira kuti mpweya utuluke. Mayi awo amakhala akung'ung'udza m'galimotomo. Akuti mpweya ukatsekeredwa m'mapaipi madzi sazungulira, ndipo n'chifukwa chake botolo langa linatsala.

Aneba anati zimenezo ndi nthano. Akazi anga anawauza kuti ngati ali ndi mphamvu zotsutsa ndiye ali nazonso zokankha. Anabwera ndithu. Tinaikankha atatu mpaka matayala akutsogolo anakwera pa kachitunda ka simenti ka pageti pathu, kumbuyo tinatchinga ndi miyala.

Tinadikira kuti izizire kaye, chifukwa ukatsegula ikadali yotentha madzi amakuthovukira kumaso. Kudikira kumeneko kunanditalikira. Kenako ndinachotsa chotsekera. Madzi amene ndinawasiya ali pakamwa sankaonekanso. Akazi anga anakhala pampando wa dalaivala, anatsegula hita mpaka kumapeto monga ankachitira bambo awo, n'kuliza injini. Anati hitayo ikutulutsa mphepo yozizira. Anandiuza kuti nditenge kansanza ndizifinya paipi yaikulu yapamwamba, manja kutali ndi fani.

Ndinafinya kangapo, osaona kanthu. Aneba anatsokomola. Ndinafinyanso, ndipo m'kamwa mwa radiyeta munatuluka thovu limodzi lalikulu, phwa, kenako timathovu tambirimbiri totsatizana. Ndinathira kulanti. Anamira. Ndinathiranso. Botolo lija linatha lonse, mpaka ndinawonjezera madzi pang'ono.

"Yayamba kutentha kumapazi kuno," anatero akazi anga.

Thovu litasiya ndinatseka. Fani inalira, patapita kanthawi inasiya yokha. Kamuvi kanakwera kufika pakati n'kuima pomwepo. Aneba anasuzumira kumbuyo kuona ngati kukutuluka utsi woyera, anasololanso kachitsulo koyezera oyilo. Zonse zinali bwino. Anati iwo ankadziwa kale kuti ndi mpweya, amangofuna andione mtima.

Tinakwera awiri kukazungulira kumagolosale, kenako tinapitirira mpaka kuchitunda chachikulu chija cha kumatanki a madzi. Ine maso anali pa kamuvi kuposa pamsewu. Sikanasunthe. Pobwerera m'pamene ndinamva njala, ndinali ndisanadye chilichonse chidzukireni.

Lolemba tinakawatenga apongozi. Anasisita boneti monga mwa masiku onse, n'kukwera kumbuyo. Tili m'njira akazi anga anawauza kuti ndinasintha madzi a mu radiyeta. Za kamuvi kofiira sanatchule, ndipo ndinawathokoza chamumtima.

Apongozi anafunsa mwana wawo, osati ine.

"Nanga anaigeyetsa?"

"Anaigeyetsa, mayi."

"Chabwino. Bambo ako akanakondwa."

Ine ndinangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Kamuvi kanali pakati.