Malaya a Mdani

Crescencio Olvera anaima pabwalo la siteshoni ya sitima atagwira malaya a asilikali a boma ngati wagwira njoka. Zaka makumi awiri zapitazo ankapha anthu ovala malaya otere m'mapiri a Zacatecas. Lero anthu a kanema ochokera ku likulu, amene anabwera kudzajambula nkhani ya nkhondo youkira boma ija, anamuuza kuti awavale. Don Amador, mkulu wojambulitsa, anati chipsera cha patsaya la Crescencio chinali cha munthu wankhanza, choyenera msilikali.

Chipewa chachikulu cha oukira ndi malamba a zipolopolo anapatsa Tiburcio, mlamu wake.

Mudzi wonse unkaidziwa nkhaniyi. Tiburcio ndiye anali sajeni wa boma tsiku limene Anselmo, mng'ono wa Crescencio, anaimikidwa pakhoma la siteshoni yomweyi n'kuwomberedwa. Nkhondo itatha, Tiburcio anakwatira Remedios, mlongo wa anyamatawo, ndipo Crescencio analumbira pamaso pa mlongoyo kuti sadzamukhudza mwamuna wake. Chibale ndi fupa, sichiola. Koma mlandunso suola, ndipo zaka zonsezi awiriwa ankapatsirana tsabola pamaphwando a ubatizo osayang'anana m'maso.

"Malayawo akukhalanitu, alamu," anatero Tiburcio akumwetulira mwamantha. "Mukanavala kale, bwenzi pano mukudya penshoni."

Crescencio anavala malayawo n'kumanga mabatani.

Don Amador anafotokoza kuti oukira adzabwera pa akavalo, mfuti zidzalira zopanda zipolopolo zenizeni, kenako Tiburcio adzalumphira Crescencio pafupi ndi khoma. Crescencio adzayerekeza kumumenya ndi mtengo wa mfuti, ndipo Tiburcio adzagwa ngati ngwazi.

Dzuwa lili paliwombo, akavalo anatulukira m'fumbi. Fungo la wonga linalowa m'mphuno mwa Crescencio, ndipo zaka makumi awiri zinasungunuka. Tiburcio atamugwira pakhosi, iye anaona khoma lija kumbuyo kwake, mabowo akale a zipolopolo adakalipo. Manja anachita zawo. Mtengo wa mfuti unatera pankhope ya Tiburcio, fupa n'kulira ngati nkhuni youma. Anamenyanso kachiwiri. Magazi anathovokera pa malaya a boma aja, chipewa n'kugubuduzika pansi pa ziboda za akavalo.

Wojambula anafuna kuimitsa makina, koma Don Amador anamugwira paphewa n'kumulamula kuti apitirize.

Crescencio anakweza mfuti kachitatu, ataloza pamutu. Tiburcio, ali chagada m'fumbi, sanadzitchinjirize. Analavula dzino ndi magazi.

"Malizani, alamu. Ndatopa n'kudikira."

Mfuti inakhala m'mwamba nthawi yaitali. Crescencio ankafuna mdani woti amugwetse, koma pansi pake panali nkhalamba yosweka nkhope, bambo wa ana a mlongo wake. Anataya mfutiyo. Anamubereka Tiburcio kumsana n'kuyenda naye mtunda wonse mpaka kwa dokotala, magazi akutsikira m'khosi mwake. Diso lakumanzere silinapulumuke. Apolisi atafunsa, Tiburcio anati inali ngozi ya pantchito. Remedios sanalankhule ndi mchimwene wake miyezi isanu ndi itatu.

Kanemayo atatuluka, Tiburcio anatumiza uthenga kwa Crescencio kuti apite limodzi mumzinda Lamlungu masana, popeza yekha sakanatha kuyenda m'chipiringu cha anthu. Holo yoonetsera kanema inadzaza. Msilikali wa chipsera atayamba kumenya, anthu anaimba malikhweru, kutukwana, ena kuponya makoko a malalanje pansalu yoonetsera. Mayi wina anali kulirira woukira wakugwayo.

Tiburcio anaweramira kwa mlamu wake.

"Anselmo anakana nsalu yomanga kumaso. Anatiyang'ana tonse mpaka mapeto. Ine ndi amene ndinatsinzina."

Maso a Crescencio anali kutsogolo. Pansalu paja msilikali anakweza mfuti kachitatu, kenako chithunzi chinasintha, mbendera ikuuluka. Za munthu wobereka mlamu wake kumsana anazidula.

Atatuluka panja, kuwala kunawathobwa m'maso. Tiburcio anapunthwa pamasitepe. Crescencio anazungulira n'kukayenda kumanzere kwake, mbali imene sinkaona.