Dzanja pa Phewa

Kunatsala mphindi zisanu ndi imodzi kuti masewera a hoke ya pa ayezi athe, zigoli zili ziwiri kwa ziwiri, ndipo Garnet Lysak anali asanaponde pa ayezi chiyambireni chigawo chomaliza. Linali Lamlungu masana, ndipo timu yogonja inali yoti nyengo yake ithere pomwepo. Garnet anakhala kumapeto kwa benchi, maso ali kutsidya kwa bwalo, pa kachipinda ka chilango kamene anthu a ku Kettle Creek ankakatcha ndende. Mayi Oleksyn, amene anakhala akutsegula chitseko chake kwa zaka makumi atatu, ankangoluka sokosi.

Nyengo yonseyo Garnet sanalowemo m'ndendemo. Garnet yemweyu! Munthu amene anachoka pa munda wa tirigu wa bambo ake ndi chikwama chimodzi, nakaona dziko lonse chifukwa cha zibakera zake ziwiri. Mano awiri anawasiya ku Texas, lina ku Scotland, ndipo ku Denmark akuti mpaka lero amaopsezera ana dzina lake. Kugoletsa sankakudziwa, ndipo sankabisa. Ntchito yake inali ina: wina akavulaza mnzake wa m'timu, Garnet ankatuluka kukafunsa bwinobwino, ndi manja. Kenako mphindi zisanu m'ndende, thumba la ayezi pa zala, bwalo lonse likuimba dzina lake.

Makochi akale sankatuma munthu ndi pakamwa. Ankangodutsa kumbuyo kwa benchi n'kuika dzanja pa phewa. Basi. Kulikonse kumene Garnet anasewera, dzanjalo linali ndi tanthauzo limodzi.

Koma kochi watsopano, Tavis Norgaard, anachokera ku yunivesite ndi kakompyuta m'manja.

"A Lysak, ndimakulemekezani," anatero tsiku loyamba, "koma masewera anasintha. Wathu akalowa m'ndende yekha, timatsala anayi kulimbana ndi asanu. Mukadzalowamo kamodzi kokha mopanda pake, jezi mudzandibwezere."

Garnet anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo timu ina yomutenga kunalibe. Choncho anaphunzira kukhala pa benchi ngati mlendo pa ukwati, phewa likuyembekezera.

Mwadzidzidzi, gwa! Wina wa timu ya alendo anamukankha Colby Rempel chakumbuyo n'kumuwombetsa ku khoma la bwalo. Rempel ndiye anagoletsa zigoli zonse ziwiri za Kettle Creek. Oyimbira sanaone. Rempel anabwera ku benchi atagwira mkono, ndipo anthu anaimirira, ena mbale za maperogi, timikate toikamo mbatata, zikadali m'manja.

"Gar-net! Gar-net! Gar-net!"

Kochi anayenda kumbuyo kwa benchi, maso ali pa kakompyuta. Atafika kumapeto anaika dzanja pa phewa la Garnet.

"Pitani."

Thupi lonse la Garnet linatentha. Analumpha khoma ngati wa zaka makumi awiri.

Alendo atamuona, nawonso anatulutsa chiphona chawo, Armand Fayant, pakuti mwambo wake ndi womwewo: chiphona chimayankhidwa ndi chiphona chinzake. Awiriwa anamenyanapo kakhumi ndi kanayi chiyambire ubwana wawo, ndipo pa ukwati wa Garnet, Armand anaima ngati mboni diso lili lotupa. Anaima phewa ndi phewa, kudikira kuti oyimbira aponye kamphira kamene osewera amalimbirana ngati mpira.

"Aise Armand, wanenepatu. Mkazi wako akukudyetsa matayala?"

"Iwe ukadali moyo? Ndimayesa anakupachika pakhoma pamodzi ndi zithunzi za akufa."

"Tiyambe?" anafunsa Garnet chapansipansi.

Armand anatsegula pakamwa, koma phokoso la anthu linameza mawu ake. Kamphira kanagwa. Magolovesi a Garnet anauluka, lina uku lina uko, ndipo dzanja lamanzere linagwira jezi ya Armand pakhosi.

Armand sanavule ake.

"Vula, iwe! Anthu akudikira!"

"Ndakana kale, sunamve. Sindingathe, Garnet." Armand ankalankhula mosayang'ana mnzake. "Dokotala wati mutu uwu usalandirenso chibakera. Lachiwiri ndinaima pa sukulu kuti ndiitane mwana wanga. Ndikumuona uyo, wavala chipewa chimene ndinamugulira ndine. Dzina linandithawa."

Chibakera cha Garnet chinali kale m'mwamba, bwalo lonse likuchiitanira. Koma munthu amene sanavule magolovesi samenyedwa. Zimenezo palibe anazilemba m'buku la malamulo, koma Garnet sanaziswepo, ngakhale ku Texas. Anatsitsa dzanja, nakonza jezi ya Armand pamene anaikwinya.

Wezulo inalira. Mphindi ziwiri, kwa Garnet yekha.

Mayi Oleksyn anaika sokosi pambali n'kutsegula chitseko.

"Lowa, mwanawe. Ndimati wandiiwala. Taona, wabweranso ndi zala zosatupa. Ukudwala?"

Garnet anakhala pansi. Thabwa linali lomwelo, lozizira, ndi chilembo cha dzina lake chimene anachigoba ndi nsonga ya nsapato zaka zambiri zapitazo. Anachisisita ndi chala. Miyezi isanu anawalakalaka malo amenewa, koma lero panalibe amene ankaimba.

Kutsidya kochi anali atagwira kumutu.

"Ndinati mukalowe m'malo mwa Rempel! Mukasewere, a Lysak! Kusewera!"

Anayi a Kettle Creek anayesetsa, anadzigwetsa patsogolo pa kamphira, goloboyi anatchinga kawiri. Kachitatu getsi lofiira linayaka kumbuyo kwa golo. Alendo anagoletsa: zitatu kwa ziwiri, ndipo zinathera pomwepo.

M'chipinda chosinthira, Garnet sanadikire kuitanidwa. Anavula jezi, naipinda bwinobwino nambala ili pamwamba, n'kukaipereka kwa kochi ndi manja awiri.

"Ine ndinangokugwirani phewa basi," anatero kochi. "Sindinadziwe kuti..."

"Ndadziwa, a kochi. Kutsogoloku mukafuna munthu akasewere, muzimuuza ndi pakamwa. Manja amanena zina."

Panja dzuwa linali likadalipo, lopanda mphamvu, pamwamba pa nkhokwe za tirigu. Anthu ankakolopa chisanu pa magalasi a magalimoto awo, ndipo palibe anamuyang'ana. Kumapeto kwa mzere anapeza Armand ataima pafupi ndi galimoto lake, akupapasa m'matumba onse.

"Wataya chiyani?"

"Makiyi."

"Ali m'dzanja lakolo, chiphona chopusa iwe."

Armand anawayang'ana makiyiwo nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano ngati kwa mnzakeyo. Garnet anaponya chikwama chake kumbuyo kwa galimotolo n'kutambasula dzanja.

"Bweretsa kuno, ndiyendetsa ndine. Langa ndidzalitenga mawa."

"Ndi mtunda wa maola awiritu."

"Ine ndinafika ku Denmark, aise. Kwera." Anayatsa injini, nadikira kuti Armand atseke chitseko. "Dzina la mwana wako ndi Josette. Pa ubatizo wake ndinamunyamula ndine. Likadzakuthawanso, undiimbire."