Kaliwo Wopakidwa ndi Kaliwo Wopalidwa

Kettie anakulira ku Kasungu, m'banja la alimi a fodya. Asanafike sitandade 4 ankadziwa kale kusoka masamba, kuwapachika m'chigafa ndi kupatula abwino pakati pa zinyalala. Ndiye mwamuna wake, a Goodwill, atayamba kumuphunzitsa za fodya m'nyumba yawo ya ku Maryhill, mumzinda wa Glasgow, iye ankangowayang'ana. Bambowa anakulira ku Chilomoni, ndipo tsamba laliwisi anangoliona pa chithunzi cha m'buku la sukulu.

Matenda a kaliwowa anawatengera kwa mnzawo wa kutchalitchi, a Flywell, oyendetsa basi mumzinda wa Glasgow. Awiriwa anaitanitsa pa intaneti akaliwo awiri ofanana ndendende, a mtengo wofiirira. Atafika, anapeza kuti m'kati, momwe mumalowa fodya, munali mopakidwa zakuda ngati makala osinja. Mkangano unayambira pomwepo.

A Flywell anati zakudazo n'chinyengo. Wosema amapaka kuti abise ming'alu ya mtengo, komanso zimapha kukoma kwa fodya. Tsiku lomwelo anatenga sandipepala n'kupala kaliwo wawo mpaka m'kati monse munayera. A Goodwill anati kumeneko n'kusadziwa zinthu. Zopakazo zimateteza mtengo kuti usapse pamene kaliwo akadali watsopano, ndipo munthu wopala afanana ndi wochotsa denga kuti aone ngati mapaso ali olimba.

Anakangana milungu isanu. Ankatumizirana mavidiyo a azungu andevu akusuzumira m'kaliwo ndi tochi. A Goodwill, amene sanathe kuwerenga mpaka kumapeto kalata ya kusukulu ya mwana wawo, tsopano ankawerenga masamba makumi awiri a ndemanga za anthu a ku America pa nkhani ya makala. Pa chiyanjano cha Amalawi ku Gorbals anakhala matebulo osiyana, moti mayi wina anafunsa Kettie monong'ona ngati pali nkhani ya mkazi.

"Bola ikanakhala ya mkazi," anatero Kettie. "Ikanamveka."

Lamulungu lina atatuluka m'tchalitchi, amunawo anagwirizana zothetsa nkhaniyo. Aliyense amangidwe mpango m'maso, apatsidwe kaliwo mmodzi, asute, anene kuti ndi uti. Anasankha Kettie kuti akhale woweruza.

"Inu alamu simukondera, poti za fodya simuzidziwa," anatero a Flywell.

Kettie anavomera msanga.

M'nyumba sakanasutiramo chifukwa cha kachipangizo kolira kakamva utsi, choncho anatsikira m'mphepete mwa ngalande. Kunali kamvula kowaza ndi mphepo yolowa m'mafupa. Amuna awiri a zaka zopitirira makumi asanu, atavala masuti a kutchalitchi, anakhala pa benchi yonyowa, maso atamangidwa. Mayi wina woyenda ndi galu anaima pang'ono, kenaka anakoka galu wake n'kudutsa chapatali.

Kettie anatsekula kachitini ka fodya n'kununkhiza. Ankanunkha ngati maswiti, wonyowa, wodzaza timitsitsi ta tsamba. Bambo ake fodya wotere sakanamuika ngakhale pansi pa belo. Anadzaza akaliwo onse awiri, n'kupereka wopalidwa uja kwa mwamuna wake, wopakidwa kwa a Flywell. Machesi anazima kasanu asanayake.

A Flywell anakoka utsi, anausunga m'kamwa, n'kuutulutsa pang'onopang'ono.

"Uyu ndi wanga," anatero. "Mtengo weniweni ukumveka. Palibe kuwawa kwa makala ngakhale pang'ono."

A Goodwill anatsokomola kaye, misozi ikunyowetsa mpango.

"Nanenso ndagwira wanga. Utsi ukubwera wozizira bwino. Zopaka zija zikugwira ntchito yake, achimwene."

"Mwatsimikiza, bambo a Mwawi?" anafunsa Kettie.

"Lilime langa silinama."

Kettie anawauza kuti amasule mipango ndi kukhuthula phulusa. Aliyense anasuzumira m'kaliwo amene anali m'manja mwake. A Flywell anakanda m'kati ndi chikhadabo, n'kupeza zopaka zija zili gwa. A Goodwill anatembenuza amene anagwira, n'kuona pansi pake chilembo F chimene mnzawo anadinda ndi msomali.

Kettie anadikira kuti wina aseke, kapena achite manyazi. A Flywell ndiwo anayamba kulankhula.

"Fodya munamutsindira kwambiri, alamu. Akatsindiridwa chonchi kukoma konse kumafanana."

"N'zoona," anatero a Goodwill. "Komanso ndi mphepo iyi munthu sungayese kanthu. Mayesowa sanayende mwa dongosolo."

Aka kanali koyamba m'milungu isanu kuti agwirizane pa chinthu. Anabwerera limodzi akufotokozerana zolakwa za woweruza, Kettie akutsatira m'mbuyo ndi mipango iwiri yonyowa. Atafika kunyumba Kettie anavala yunifolomu n'kupita kuntchito kwake kosamalira okalamba, kumene gogo wina wa zaka makumi asanu ndi anayi anamufunsa chifukwa chimene ankasekera yekha pomumwetsa tiyi.

A Goodwill anagona masiku atatu ndi chimfine. Atadzuka ananena kuti pogonapo aganiza mofatsa, ndipo utsi wa tsiku lija unalidi wokoma kuposa wa masiku onse. Anatenga sandipepala n'kupala kaliwo wawo pa tebulo la kukhitchini, fumbi lakuda lili mbwee pa nsalu. Madzulo a tsiku lomwelo foni inalira. Anali a Flywell, kufunsa ngati Kettie ali ndi uchi weniweni wa kumudzi. Anali atawerenga kuti ukausakaniza ndi phulusa umapakika bwino m'kati mwa kaliwo, ndipo ankafuna kubwezeretsa zimene anapala zija.

"Uchi ulipo, alamu," anatero Kettie, "koma ndi wa tiyi wa ana."

Anapereka foni kwa mwamuna wake, n'kukatenga tsache.