Chibakera cha Rodrick

Achimwene anga Rodrick Tolliver anapita kawiri ku nkhondo ya ku Iraq. Ankayendetsa galimoto zonyamula asilikali. Ulendo wachiwiri bomba lokwirira linaphulika pansi pa galimoto yawo, ndipo mnzawo Ozzie, yemwe anakhala nawo kutsogolo, anafera pompo. Kutacha, Sajeni Kessler anawapatsa ndowa ndi chisanza kuti akatsuke mpandowo. Anatsuka.

Atabwerera kuno ku America, ku Georgia, manja anayamba kunjenjemera, tulo tinasowa. Tsiku lina pa perete sajeni yemweyo anawaseka pamaso pa gulu. "Ukuopa chiyani, Tolliver? Mzukwa wa Ozzie?"

Achimwene anamuponya chibakera chimodzi, chibwano chinathyoka.

Akuluakulu anati asankhe: khoti la asilikali, kapena asaine achoke. Anasaina. Pepala lawo linalembedwa kuti achotsedwa mopanda ulemu chifukwa cha khalidwe loipa.

Mawu amenewo anawalondola paliponse. Kwa ozimitsa moto anawakana ntchito. Ku chipatala cha asilikali opuma anawabweza pakhomo, ati a pepala lotere sathandizidwa pano. Mkazi wawo anatopa n'kuchoka. Mapeto ake anadzakhala mu galaja yanga ku Macon, munthu amene mendulo zake amayi ankaonetsa aliyense ku tchalitchi.

Patadutsa zaka ndinawakokera kwa Mayi Pruitt, loya wothandiza asilikali ulere.

"Mwayi ulipo," anatero mayiwo. "Likanakhala khoti lalikulu lomwe linakuchotsani, komiti yoona za apilo sikanakumverani n'komwe. Koma kumenya mkulu wanu si nkhani yamasewera. Tikawasonyeze kuti munkadwala. Ndipo mukapepese."

"Ndipepese kwa ndani?"

"Kwa Kessler, pamaso pa komiti."

"Ameneyo anapuma ndi ulemu wonse, akuwedza nsomba ku Florida. Ine ndiye ndimugwadire?"

"Achimwene, ingonenani pepani basi," ndinawanyengerera. "Pakamwa sipatupa."

"Iwe Vonda, unalipo?"



Tsiku la apilo tinapita ku Washington pa galimoto yanga. Achimwene anavala suti ya malemu bambo, yothina m'mapewa. M'chipindamo munakhala akuluakulu a asilikali asanu, mayunifolomu osita bwino. Wapampando anali bambo wa dazi, dzina lake Hargrove. Mayi Pruitt anafotokoza zomwe dokotala anapeza, kuti bomba lija linagwedeza ubongo ndipo mutu sunakhalenso m'malo.

Wapampando anavula magalasi. "Bambo Tolliver, cholakwa chanu si chimodzi. Munajombapo ku ntchito. Munapezekanso mutaledzera pa geti."

"Zonsezo bomba litaphulika, bwana. Lisanaphulike mwapezapo chiyani?"

Anthu aja anayang'anizana. Panalibe.

"Chabwino. Kodi mukumva chisoni ndi zomwe munamuchita Sajeni Kessler?"

Mayi Pruitt anawaponda phazi achimwene pansi pa tebulo. Ine ndinkangopemphera chamumtima kuti anene liwu limodzi lija.

"Ndimadandaula kuti ndinayankha ndi mkono," anatero achimwene. "Ndikanayankha ndi pakamwa. Koma kupepesa ayi. Munthu anandichapitsa magazi a mnzanga, kenako n'kumaseka dzina lake. Ndikati pepani ndiye kuti ndakunamizani, ndipo ndalumbira pano kuti sindinama."

"Mukudziwa kuti kusalapa kukhoza kukuipitsirani nkhani?"

Apa mpamene mtima wanga unaphulika. Ndinangozindikira ndaimirira, mpando wagwa.

"Kulapa? Inu munalapa liti? Munamutenga ali bwinobwino, akuseka, akuimba kwaya! Mwandibwezera munthu wogwa pansi akamva chitseko chikumenyetseka. Sajeni wanuyo munamufunsapo funso ngakhale limodzi? Chibwano chake chinapola kalekale. Nanga mutu wa mlongo wangayu apoletse ndani, ine? Ine wogulitsa nsapato?"

"Mayi, khalani pansi."

"Sindikhala! Takhala mokwana!"

Msilikali wa pakhomo anandigwira pa chigongono n'kunditulutsa. Ndinaima m'khonde kuwadikira. Achimwene atatuluka sanandiyang'ane. Tinadutsa Virginia yonse osalankhulana. Titaima pomwetsa mafuta ndi pomwe anatsegula pakamwa.

"Unkati ine ndiugwire mtima."

"Musandiyambe."

"Wogulitsa nsapato," anatero, n'kuyamba kuseka. Ine sindinaseke.

Yankho linabwera patapita miyezi. Mayi Pruitt anatiimbira foni akusangalala. Komiti inakweza pepala lija kufika pa mlingo wapakati, wosanyoza koma wosafika pa ulemu wonse. Chipatala tsopano chiwalandira. Thandizo la sukulu ayi. Ndipo mawu oti khalidwe loipa anawasiya momwemo, ati poti wodandaula sanaonetse kulapa.

"Ambiri sapeza ngakhale zimenezi," anatero mayiwo. "Tapambana ndithu."

"Mwapambana ndinu," achimwene anayankha. "Ine akadanditchabe woipa."

Anatuluka panja n'kuyamba kuwaza nkhuni zomwe sitinkazifuna, mwezi wa Julaye womwe kuno ndi wotentha, dzuwa likuswa mtengo. Ndinawasiya. Nanenso ndinatsuka mbale mwaukali mpaka imodzi inasweka.

Pano amapita kwa dokotala Lachiwiri lililonse. Mankhwala akuthandiza, manja anachepako kunjenjemera, ndipo anapeza ganyu yokonza mathirakitala. Koma mkwiyo sunathe, wawo ngakhale wanga. Mayi Pruitt anati pali komiti ina yapamwamba yomwe ingafufute mawu aja. Tinapita ku ofesi kwawo sabata yatha.

"Akakufunsaninso za kupepesa," anawachenjeza.

"Adzamva zomwezo."

Mayiwo anapumira m'mwamba n'kutembenukira kwa ine. "Nanga inu, Vonda?"

"Ameneyu adzatsala m'galimoto," anatero achimwene.

"Mudzachite kundimangirira," ndinayankha.